Atsogoleri Oyamba a America: Ndani Anawalipirira Sukulu?



Tsiku lina tili mu Fomu 3 ndinalephera kutchula atsogoleri oyamba a dziko la America motsatana, ndipo ndinalandira chibalo chotchetcha udzu kuseri kwa khitchini. Maina aja ndinawaloweza usiku womwewo: Washington, Adams, Jefferson, Madison, Monroe. Koma kwa ine anali maina chabe, monga mndandanda wa mitsinje. Nditakula ndinayamba kuwerenga za moyo wawo, ndipo funso limene ndinawafunsa ndi lomwe tonse muno timalidziwa, ife amene tinabwezedwapo pa geti chifukwa cha fizi: kodi anthu amenewa anawalipirira sukulu ndani?

George Washington anabadwa m'chaka cha 1732 ku Virginia. Akulu ake awiri, obadwa kwa mayi wina, anatumizidwa kukaphunzira ku England. Iye mwayi umenewu unampita, popeza bambo ake anamwalira mu 1743 ali ndi zaka 11. Sanapite ku koleji. Anaphunzira masamu ndi ntchito yoyeza malo, ndipo pofika zaka 17 anali akulandira malipiro pa ntchitoyo. Kuperewera kwa sukuluku kunkamuwawa mpaka ukalamba, makamaka akakhala pakati pa anzake odziwa Chilatini. Chuma chenicheni anachipeza mu 1759 pokwatira Martha Custis, mayi wamasiye amene anali ndi minda ndi akapolo ambiri.

Wachiwiri, John Adams, ndiye amene ndimamumvetsa koposa onse. Anabadwa mu 1735 ku Braintree, Massachusetts. Bambo ake anali mlimi, wosoka nsapato ndiponso dikoni mu mpingo. Mnyamatayo sukulu sankaifuna, ankati adzakhala mlimi. Tsono bambo ake anamtenga tsiku lina kukamweta udzu wofolera m'dambo la matope, kuti alawe ulimi umene ankaunenawo. Madzulo atamfunsa, John anayankha kuti ntchitoyo waikonda ndithu. Mkuluyo sanasinthe maganizo: anambwezera ku sukulu basi. Pambuyo pake anagulitsa maekala 10 a munda wake kuti mwanayo apite ku Harvard. Ena muno mukukumbukira ng'ombe kapena fodya amene anagulitsidwa kuti inu muvale yunifolomu ya pano.

Adams anamaliza mu 1755 nakakhala mphunzitsi ku Worcester. Aphunzitsi athu mundikhululukire, koma choko sanachikonde, ndipo posakhalitsa anathawira ku zamalamulo. Mu 1770 anavomera kuimira pa mlandu asilikali a Angerezi amene anapha anthu asanu ku Boston, ngakhale mzinda wonse unali wokwiya nawo. Mwa atsogoleri asanu oyambawa, iye yekha ndiye sanakhalepo ndi kapolo.

Anayi enawo onse anali a ku Virginia, dziko la minda ya fodya, ndipo apa ndi pamene funso langa likupeza yankho lowawa. James Madison atapita ku koleji ya ku Princeton mu 1769, anaperekezedwa ndi kapolo dzina lake Sawney. Anamaliza maphunziro m'zaka ziwiri zokha. James Monroe anasiya koleji ya William and Mary mu 1776 kukalowa usilikali, navulazidwa pa nkhondo ya ku Trenton. Mzinda wa Monrovia ku Liberia unatchedwa dzina lake. Washington pomwalira mu 1799 anali ndi akapolo 317 pa munda wake wa Mount Vernon. Mwa iwo 123 anali akeake, ndipo analemba mu wilo kuti adzamasulidwe. Enawo, amene ambiri anali a banja la Custis, anatsala mu ukapolo.

Ndikhalitse pang'ono pa Thomas Jefferson, chifukwa pa nkhani ya maphunziro palibe wompambana. Anabadwa mu 1743. Anayamba Chilatini, Chigiriki ndi Chifalansa ali mwana, analowa koleji ya William and Mary mu 1760, kenaka anaphunzira zamalamulo kwa George Wythe. Womtumikira pa zaka zonsezi anali Jupiter, kapolo wobadwa chaka chimodzi ndi iye. Taganizani, anzanga: anyamata awiri a msinkhu umodzi, wina ali pa buku, wina akusamala akavalo panja. Ali ndi zaka 33, mu 1776, Jefferson analemba chikalata cholengeza ufulu wa dziko lake, m'mene anati anthu onse analengedwa ofanana. Munthu yemweyo pa moyo wake anakhala ndi akapolo opitirira 600.

Mabuku ankawakonda kotero kuti Angerezi atatentha nyumba ya malamulo ku Washington mu 1814, iye anagulitsa ku boma mabuku ake 6,487 kuti laibulale iyambirenso. Mawu a pa manda ake anasankha yekha, ndipo upulezidenti sanautchulepo. Anafuna kuti azikumbukiridwa ndi zinthu zitatu: chikalata cha ufulu chija, lamulo la ufulu wa chipembedzo la ku Virginia, ndi Yunivesite ya Virginia imene anaiyambitsa. Ine ndimalemekeza munthu amene anaona kuti kumanga sukulu kukuposa mpando. Koma njerwa za sukuluyo anaumba ndi akapolo, ndipo ana awo sankaloledwa kuphunziramo.

Jefferson ndi Adams anamwalira tsiku limodzi, pa 4 Julaye 1826, patatha zaka 50 chilengezereni ufulu. Zimenezi mabuku athu ankazinena. Chimene sankanena n'chakuti Jefferson anasiya ngongole yoposa madola 100,000, ndipo mu Januwale 1827 anthu pafupifupi 130 anagulitsidwa pa malonda kunyumba kwake ku Monticello, pamodzi ndi mipando ndi ziweto.

Wilo yake inamasula amuna asanu okha. Mmodzi anali Joseph Fossett, mmisiri wosula zitsulo. Iye anamasulidwa, koma mkazi wake Edith ndi ana awo anaikidwa pa malonda. Pakati pa anawo panali Peter, wa zaka 11, amene anali atayamba kale kuphunzira kuwerenga. Mbuye wake watsopano anamuopseza kuti akadzampeza ndi buku adzamkwapula. Peter anapitiriza mobisa, ndipo usiku ankaphunzitsa akapolo anzake zilembo. Fizi yomulipirira panalibe. Sukulu yake inali imeneyo.

Bambo ake anagwira ntchito yosula zaka zambiri kuti awombole banja lawo mmodzimmodzi. Peter anapeza ufulu mu 1850, napita kwa abale ake ku Cincinnati, kumene anadzakhala mbusa wa mpingo wa Baptist. Mu 1900, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, anabwerera kukaona Monticello, malo amene anagulitsidwira ali mwana. Anamwalira chaka chotsatira.

Bambo Wapampando, ndaona mwayang'ana pa wotchi kawiri.