MAPIRITSI AWIRI A SHUGA SAFANANA

(Mau amene mnzathu wina, yemwe amagwira ntchito m'boma ku Capital Hill, anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka)



Ine sindine dokotala. Ndine munthu wa matenda a shuga, ndiponso mwana wa munthu wa matenda a shuga. Pamene tinali kuima pa mzere wa nsima ndi nyemba pasukulu pano, tinkati shuga ndi nthenda ya anthu olemera a m'tauni. Koma kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti akuluakulu oposa 5 mwa 100 alionse m'Malawi muno anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi kuthamanga kwa magazi. Nthendayi ili ku Mitundu, ili ku Nathenje, ili kwathu ku Malingunde.

Tsiku lina mu Januwale bambo anga, a zaka 68, anamwa piritsi lao mbandakucha nkupita kukabandira chimanga osadya kanthu. Dzuwa litakwera anawapeza atakhala pa mzere, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, akuyankhula zosamveka. Ena anati aledzera, ena anati awalodza. Mwamwai mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo anafika, nawamwetsa madzi a shuga, ndipo posakhalitsa anatsitsimuka. Mlongo wanga atandiimbira foni, adokotala amene ndinawafotokozera anandifunsa kuti, "Bambo anu amamwa mapiritsi anji?" Ine, munthu wa digiri, amene ndimatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, ndinangoti, "A shuga." Ndinachita manyazi.

Mapiritsi a shuga amene ambiri timalandira m'zipatala zathu ndi a mitundu iwiri: metformin ndi glibenclamide. Onse amatsitsa shuga, koma kagwiridwe kao ka ntchito nkosiyana.

Metformin, amene ndimamwa ine, amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri m'magazi, ndipo amathandiza thupi kugwiritsa ntchito bwino insulin yomwe lili nayo kale. Akamwedwa payekha sakonda kugwetsa shuga mopyola muyeso, ndipo sanenepetsa. Vuto lake ndi m'mimba: masiku oyamba ena amachita nseru kapena kutsekula, nchifukwa chake amamwedwa pamodzi ndi chakudya. Sayenera kwa munthu amene impso zake zafooka kwambiri, kapena amene amamwa mowa mwauchidakwa.

Glibenclamide, amene ankamwa bambo anga, amakakamiza chiwalo chotchedwa pancreas kutulutsa insulin yambiri. Ndi wamphamvu ndithu, ndipo wathandiza anthu ochuluka. Koma piritsi limeneli silifunsa ngati mwadya kapena ai. Mukalimwa nkupita kumunda ndi njala, shuga amatsika mpaka munthu kukomoka, ngakhale kufa kumene. Limakhalitsa m'thupi, makamaka mwa okalamba ndi a impso zofooka, ndiponso limaonjezera thupi. Bungwe la WHO limanena kuti glibenclamide sayenera anthu opyola zaka 60, ndipo kuyambira mu 2013 linaika mbale wake gliclazide pa mndandanda wa mankhwala ofunika.

Nanga za mtima? Apa mpamene pagona nkhani, pakuti shuga amaononga mitsempha ya magazi mwakachetechete, ndipo ambiri a ife chimatitenga ndi mtima kapena sitiroko. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa UKPDS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1998, anaonetsa kuti mwa odwala onenepa amene ankamwa metformin, kudwala mtima mwadzidzidzi kunachepa ndi 39 peresenti poyerekeza ndi amene ankangosamala zakudya. Mankhwala a gulu la glibenclamide anathandiza kuteteza maso ndi impso, koma pa za mtima phindu lao silinaoneke poyera chotero. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zomwe madokotala amayambira ndi metformin, nkuonjezapo enawo ngati shuga sakutsika. Aliponso mankhwala atsopano monga empagliflozin, amene mu 2015 anapezeka kuti amachepetsa imfa za mtima, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wake mu 2021. Koma mtengo wao ngwokwera kwa mlimi wa kwathu.

Musamve ngati ndikuti wina ndi wabwino, wina ndi woipa. Ambiri amamwa onse awiri ndipo ali bwino. Wosankha ndi dokotala, atayang'ana zaka zanu, thupi lanu, impso zanu ndi kadyedwe kanu. Bambo anga adokotala anawasinthira mankhwala, ndipo chaka chino alima okha ekala yathunthu.

Tsono anzanga, ndikupempheni zinthu zinai.

Choyamba, mukapita kumudzi tsegulani kabuku ka kuchipatala ka makolo anu, muwerenge dzina la piritsi, mulilembe. Ngati ndi glibenclamide ndipo apyola zaka 60, aperekezeni mukafunse. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, m'miyezi ya njala tumizani ufa msanga. Kwa womwa glibenclamide, phala la m'mawa ndi mbali ya mankhwala. M'thumba mwao musasowe shuga kapena maswiti. Akayamba thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka, amwetseni madzi a shuga. Koma ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangani nao kuchipatala.

Chachitatu, osabwerekana mapiritsi. Ndinaona ndi maso anga pa maliro ku Nathenje, agogo awiri akugawana mapiritsi ati "onse nga shuga."

Chachinai, piritsi la shuga palokha siliteteza mtima. Yezetsani BP, imwani mankhwala ake mosadumphitsa, chepetsani mchere, ndipo fodya tizilima chabe, osasuta.

Ife tinapatsidwa mwai wa sukulu ndi makasu a makolo omwewa. Ngati tinatha kuloweza maina a mitsinje ya ku Canada, sitingalephere maina awiri a mapiritsi. A Wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tidzaitane anamwino adzatiyeze tonse shuga ndi BP tisanakhale pa nsima.