BEIRA: MZINDA WOMANGIDWA PA MATOPE

Mlimi wa ku Ntchisi akamamasula thumba la feteleza, kapena dalaivala wa ku Limbe akamathira mafuta m'galimoto, sizichitika kaŵirikaŵiri kuti afunse kumene zinthuzo zinatsikira pochokera kutsidya kwa nyanja. Gawo lalikulu la katundu wotere limatsikira pa doko la Beira, m'dziko la Mozambique, mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Blantyre. Nkhani ya lero ikufotokoza za mzinda umenewu ndi dera louzungulira, ndiponso za madzi amene anaubala, omwe ndi madzi omwewo amene amausoŵetsa tulo.

Beira ndi likulu la chigawo cha Sofala. Mzindawu uli pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya mchere ya Indian, ndipo chakummwera pang'ono mtsinje wa Buzi nawo umathira pomwepo. Dziko lake ndi lachidikha, la madambo, mchenga ndi matope, kotero kuti mbali zina za mzindawu n'zotsika kuposa pamene madzi a m'nyanja amafika ikadzaza. Pakati pa kudzaza ndi kuphwera kwa nyanja pamatha kukhala kusiyana kwa mamita 6 kapena kuposerapo. Mumzindamo muli anthu oposa theka la miliyoni, ambiri mwa iwo Asena ndi Andau. Munthu wa ku Nsanje akafika pamsika wa ku Beira sasoŵa womva chinenero chake.

Beira asanabadwe, doko lotchuka m'derali linali Sofala, chakummwera kwa mtsinje wa Buzi. Kwa zaka mazana ambiri amalonda Achiarabu ndi Achiswahili ankagula kumeneko golide wochokera kumtunda, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Apwitikizi anamangapo linga mu 1505. Koma mchenga unatseka njira ya zombo, nyanja nayo n'kudya gombe, ndipo doko la Sofala linafa. Miyala ina ya linga lija inatengedwa kukamangira tchalitchi chachikulu cha ku Beira. Chotero mzinda watsopano unamangidwa ndi mabwinja a mzinda umene madzi anaugonjetsa.

Chiyambi cha Beira chinali msasa wa asilikali Achipwitikizi womangidwa mu 1887 m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Chiveve. Dzina lakuti Beira linachokera ku udindo wa mwana wa mfumu ya Portugal, Luís Filipe, amene anabadwa chaka chomwecho, ndipo malowa analandira ulemu wokhala mzinda mu 1907. Kufikira mu 1942, derali silinkalamulidwa mwachindunji ndi boma la Portugal, koma ndi kampani ya malonda yotchedwa Companhia de Moçambique, yomwe inkakhometsa msonkho ndi kugwiritsa anthu akuda ntchito yokakamiza.

Chimene chinakuza Beira ndi njanji. Njanji yoyamba inaloŵera kumadzulo, nifika ku Umtali, komwe lero ndi Mutare, mu 1898, ndi ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, mu 1899. Yachiŵiri inaloŵera kumpoto. Mu 1922 njanji yochokera ku Dondo inafika m'mphepete mwa Zambezi, koma katundu wa ku Nyasaland ankayenera kutsitsidwa, kuwolotsedwa pamadzi, ndi kukwezedwanso tsidya lina. M'chilimwe, madzi akachepa, ntchitoyi inkavuta kwambiri. Vutoli linatha mu 1935 pamene unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita pafupifupi 3.7. Kuyambira pamenepo tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo, fodya ndi thonje zinkayenda pa sitima kuchokera ku Limbe mpaka pagombe osatsitsidwa panjira. Kufikira mu 1970, pamene njanji ya ku Nacala inalumikizidwa, Beira ndiye anali khomo lokhalo la njanji la dziko la Malaŵi.

Mzinda wa padoko sukhala wokha. Makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Beira kuli Dondo, pamphambano pamene njanji ya ku Zimbabwe imasiyana ndi ya ku Sena, ndipo kumeneko kuli fakitale ya simenti. Kupitirira pang'ono kuli Mafambisse, malo a minda ya nzimbe. M'madambo a Pungwe ndi Buzi anthu amalima mpunga, ndipo m'nyanja asodzi amagwira nsomba ndi tinkhanu totchedwa camarão m'Chipwitikizi, timene timagulitsidwa mpaka kumaiko akutali. Kuchokera padoko pali paipi yaitali yonyamula mafuta kupita ku Feruka, pafupi ndi Mutare. Zonsezi zimayang'ana ku doko monga mmene tinjira ta m'mudzi timayang'anira ku chitsime.

Koma khomo limene ambiri amadalira ndilo limene adani amathamangira kutseka. Boma la Ian Smith litagalukira Britain mu 1965, zombo za nkhondo za Britain zinayamba kulondera panyanja pafupi ndi Beira mu 1966 kuti mafuta asafike ku Rhodesia. Mozambique atalandira ufulu mu 1975, anatseka malire ake ndi Rhodesia mu 1976, ndipo ntchito padoko inachepa. Kenaka kunabuka nkhondo yapachiŵeniŵeni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Pofika mu 1984 njanji zonse ziŵiri za Malaŵi, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitatsekeka, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Katundu wa Malaŵi anayamba kuzungulira mpaka ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 3,000, ndipo mtengo wa ulendowo unkagwera munthu wogula mchere ndi parafini kumudzi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Njanji ya ku Sena inakonzedwanso, ndipo mu 2011 inayamba kunyamula malasha a ku Moatize. Malole a ku Malaŵi amatsika ku Beira kudzera ku Mwanza ndi ku Tete.

Nkhondo ya anthu inatha, koma nkhondo ya madzi siitha. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mtsinje wa Pungwe, umene unapatsa Beira malo okocheza zombo, ndi womwewo umene umathira matope m'njira ya zombozo, kotero kuti njirayo imayenera kukumbidwa kaŵirikaŵiri kuti zombo zikuluzikulu zisatitimire. Kugombe, cha ku Macuti kumene kuli nsanja ya nyali yotsogolera zombo, mafunde akudya mtunda. Mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja, imene imafooketsa mafunde, yadulidwa yambiri chifukwa cha nkhuni ndi milimo.

Tsoka lalikulu linadza usiku wa pa 14 Malichi 2019, pamene namondwe wotchedwa Idai anaomba mzindawu. Masiku angapo m'mbuyo mwake, mvula ya namondwe yemweyo inali itamiza kale midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa. Ku Beira madenga anasasuka, magetsi anazima, ndipo msewu wopita kumtunda unaduka. Bungwe la Red Cross linanena kuti magawo 9 mwa magawo 10 a mzindawo anawonongeka. Ku Buzi anthu anakhala pamadenga ndi m'mitengo kwa masiku angapo kudikira owapulumutsa, ndipo pambuyo pake kunabuka kolera. Anthu oposa 1,000 anafa m'maiko atatu a Mozambique, Zimbabwe ndi Malaŵi. Mu Januwale 2021 namondwe wina, Eloise, anaombanso dera lomwelo.

Komabe pali phunziro limene Idai anasiya. Tsokali lisanagwe, pa nthaŵi imene Daviz Simango anali meya, ngalande zikuluzikulu za mumzinda zinakonzedwa, ndipo kamtsinje ka Chiveve, kamene kanali katatsekeka ndi kusanduka dzala, kanatsegulidwanso ndi kuikidwa zitseko zoletsa nyanja kuloŵa. M'madera amene ngalandezo zinafika, madzi anaphwera msanga. Amene anavutika koposa anali a m'malo ongodzimangira, m'madambo mopanda ngalande. Madzi saiŵala khwaŵa. Mzinda ukawasiyira njira, amadutsa, koma ukawatsekera, amaloŵa m'nyumba.

Linga la Sofala lero ndi mabwinja amene nyanja imamiza ikadzaza. Kuti Beira asatsate njira yomweyo pafunika kukumba matope, kusamala ngalande, kubzalanso mitengo ya kugombe ndi kusunga mtendere m'njira zopita kumtunda. Nkhaniyi si ya anthu a ku Sofala okha. Tsiku limene zombo zalephera kukocheza pa Beira, mlimi wa ku Ntchisi uja amadzazimva pa mtengo wa thumba lake la feteleza.