Malo Olererapo Ana Ayesedwe M'mwezi wa Febuluwale

Nkhani iyi inakambidwa kwa makolo ndi aphunzitsi ku Nkhamenya, kwa Mfumu Kaluluma, m'boma la Kasungu. Yasindikizidwa muno kuti anthu a m'midzi ina aiwerenge ndi kukambirana.



Chaka ndi chaka, dzinja lisanafike, pa msewu waukulu wa M1 umene umadutsa pa Nkhamenya pamaoneka mabanja atasenza mitolo ndi miphika, ana ali kumsana. Ena amabwera kudzalima fodya m'minda ya anthu ena. Ena amasamukira ku esiteti ina kumene amva kuti kuli bwino. Enanso ndi abambo amene amakwera basi ya ku Joni, kusiya ana m'mudzi. Onsewa amakhala ataweruza mlandu waukulu, ngakhale ambiri sazindikira kuti auweruza. Mlanduwo ndi wakuti: kodi ana aleredwera kuti?

Mabanja oterewa sanayambe lero kufika kuno. Maesiteti a fodya anachuluka kwambiri m'boma la Kasungu m'zaka za m'ma 1970, ndipo kufikira chaka cha 1990 alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale m'minda yawo. Chotero anthu ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi maboma ena kumene minda ndi yopanikiza ankabwera kudzakhala matenanti. Mwini munda ankapereka malo, mbewu, feteleza ndi chimanga chakudya, zonsezi pangongole. Pokolola iye yemweyo ankagula fodyayo pa mtengo woika yekha, n'kuchotserapo ngongole ija. Mabanja ambiri ankatsala opanda ngakhale ndalama yobwerera kwawo.

Mwezi wonyenga ndi mwezi wonena zoona

Anthu ambiri amayesa malo m'mwezi wa Juni, pamene fodya ali pa msika ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Nthawi imeneyo pa Nkhamenya pamakhala pokoma. Njinga zatsopano zimaoneka, nyama imapachikidwa pamsika, malata amakwera pamadenga. Mlendo woona zimenezi amathamangira kwawo kukatenga mkazi ndi ana.

Koma Juni ndi mwezi wonyenga. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, pamene mwana amadya tsiku lililonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kholo lofuna kudziwa ngati malo ndi abwino kwa ana liyenera kufunsa za mwezi wa Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, mvula ili pakati, udzudzu wachuluka, ndipo ntchito ya kumunda yafika pachimake. Pali mafunso anayi oyenera kufunsa za mwezi umenewu.

Funso loyamba: kodi ana adzadya chiyani?

Banja lokhala pamudzi pawo limakhala ndi kadimba, nkhuku, maungu ndi abale obwerekako ufa. Banja lokhala pa munda wa munthu wina limadalira chimene mwini munda wapereka. Chakudyacho chikachedwa kapena chikachepa, woyamba kuonda ndi mwana wamng'ono. Choncho bambo asanavomere ntchito afunse ngati adzapatsidwa kamunda kake kolimapo chimanga, mtedza ndi nyemba, ndiponso ngati malipiro adzabwera mwezi ndi mwezi kapena adzadikira kuti mabelo agulitsidwe.

Funso lachiwiri: kodi manja a ana adzagwira chiyani?

Apa ndi pamene pali ngozi imene makolo ambiri saidziwa. M'tsamba la fodya muli mankhwala otchedwa nikotini. Tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunukira m'madziwo, ndipo munthu akamathyola masamba ndi kuwakumbatira pachifuwa, mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Patapita maola ochepa munthu amamva chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi kufooka. Popeza thupi la mwana ndi laling'ono, iye amadwala msanga kuposa wamkulu. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, ndipo mayi angathe kugula mankhwala a malungo pamene chamudwalitsa mwanayo ndi tsamba limene anasenza m'mawa.

M'chaka cha 2009 bungwe la Plan International linafalitsa zimene linapeza litacheza ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno. Linanena kuti pa tsiku lachinyezi mwana angathe kulandira nikotini wokwana mamiligalamu 54, wofanana ndi wa ndudu pafupifupi 50. Palibe kholo limene lingapatse mwana wake ndudu 50 kuti asute. Komabe kholo limene limatuma mwana kukathyola fodya wa mame limachita zofanana ndi zimenezo mosadziwa.

Palinso mankhwala opopera m'nazale ndi m'munda. Botolo lake likasungidwa m'nyumba yogona, kapena likatsukidwa n'kuthiramo mchere kapena madzi akumwa, imfa yalowa m'nyumbamo. Fumbi la m'chigafa nalonso limatsokomoletsa ana amene amakhala tsiku lonse akusoka ndi kusankha fodya.

Funso lachitatu: kodi sukulu ili kutali bwanji?

Maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita ku sukulu. Koma sukulu yaulere siithandiza mwana amene ayenera kuwoloka mtsinje wodzaza kuti akaifike. Aphunzitsi a m'dera lino amadziwa bwino kuti m'miyezi yothyola fodya mabenchi ena amakhala opanda anthu. Mwana amene wajomba miyezi iwiri amabwerera kalasi, ndipo akabwereza kawiri amachita manyazi n'kusiyiratu. Banja losamuka chaka chilichonse limamuchititsa mwana kuyamba mwatsopano kulikonse kumene lafika, kawirikawiri opanda kalata yochokera ku sukulu yake yakale. Kholo liyende lokha njira ya ku sukuluyo ndi mapazi, ndipo lifunse kuti mvula ikagwa njirayo imakhala yotani.

Funso lachinayi: kodi chipatala ndi madzi zili kuti?

Mwana wa malungo akayamba kukomoka usiku, mtunda ndi umene umaweruza. Anthu okhala pafupi ndi chipatala cha mishoni pa Nkhamenya ali ndi mwayi umene a m'misasa ya kutali alibe. Mayi afunse kuti sikelo ya ana imachitikira kuti, ndiponso kuti njinga yonyamula wodwala ingapezeke kwa yani. Afunsenso za madzi. Kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo matendawa amayenda ndi madzi oipa. Pamalo pamene palibe mjigo ndi chimbudzi si pamalo pofikitsa ana.

Zimene lamulo likunena

Boma silinasiye nkhaniyi m'manja mwa makolo okha. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limaletsa kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoopsa pa moyo wake kapena yomulepheretsa sukulu. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa ulimi wa matenanti. Munthu wolima fodya wa mwini munda ndi wantchito, ndipo ayenera kulandira malipiro monga wantchito. Kumene mchitidwe wakale ukupitirira mobisa, ukupitirira kunja kwa lamulo.

Nawonso alimi a fodya adziwe kuti nkhaniyi imakhudza thumba lawo. Mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana, ndipo makampani anayenera kupereka umboni kuti fodya wawo ndi woyera asanaloledwenso. Mlimi wotuma ana kumunda akuika pachiswe msika wa alimi anzake onse.

Nanga kusiya ana kumudzi?

Makolo ena amaona kuti ndi bwino kusiya ana kwa agogo awo. Nzeru imeneyi nthawi zina ndi yabwino, chifukwa mwana sasintha sukulu ndipo amakula pakati pa abale. Koma nawonso malo a kwa agogo ayesedwe ndi mafunso anayi omwe aja. Gogo wokalamba sangathe kulimira ana asanu, ndipo mtsikana wosiyidwa wopanda sopo ndi makope sachedwa kunyengedwa. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, koma lamulo silingalowe m'malo mwa diso la kholo.

Kumudzi nakonso kuli zoopsa zake. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Banja limene nyumba yake ili m'munsi mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje lili ndi chifukwa chomveka chofunira malo ena. Nawo abambo oganiza zotengera ana ku Johannesburg akumbukire zaka za 2008 ndi 2015, pamene alendo anaukiridwa ku South Africa ndipo boma linatumiza mabasi kukatenga Amalawi amene anathawa m'nyumba zawo. Mwana wopanda zikalata zoyenera amavutikanso kumeneko.

Palibe malo opanda choopsa. Chofunika ndi chakuti choopsacho chidziwike ulendo usanayambe.

Zoyenera kuchita banja lisanasamuke

Choyamba, nkhaniyi isaweruzidwe ndi bambo yekha. Mayi ndiye amadziwa kutalika kwa chitsime ndi kuchepa kwa ufa. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri amve, ndipo kumene mwambo uli wachikamwini, mwini mbumba afunsidwe.

Chachiwiri, bambo atsogole yekha kukaona malowo, ndipo acheze ndi mabanja amene anakhalapo dzinja lathunthu, osati ndi munthu wodzalemba anthu ntchito yekha. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, pangano lilembedwe papepala pamaso pa mboni: malipiro angati, tsiku liti, nyumba yotani. Mulembedwenso kuti wolembedwa ntchito ndi bambo kapena mayi, osati banja lonse.

Chachinayi, atenge kalata yosamutsira mwana sukulu ndi buku lake la kuchipatala, ndipo asunge padera ndalama yobwerera. Munda wa kumudzi usagulitsidwe chaka choyamba.

Mawu kwa eni dera

A kuno ku Nkhamenya nawonso ali ndi gawo lawo. Nyakwawa idziwe banja lililonse lofika m'dera lake ndi chiwerengero cha ana ake. Mphunzitsi akaona benchi lopanda munthu kwa sabata, atume uthenga kwa komiti ya sukulu. Mwini munda akauma mutu, nkhani ipite kwa a ofesi ya zantchito kapena a zosamalira anthu ku boma la Kasungu, kapenanso ku polisi. Mwana wolankhula Chilomwe kapena Chiyao amene wafika m'mudzi wa Achewa kapena Atumbuka ayenera kutetezedwa mofanana ndi mwana wa mfumu.

Fodya akalephera chaka chino, mlimi amafesanso nazale chaka chamawa. Mwana amene wataya zaka za sukulu, kapena amene thupi lake lawonongeka ali wamng'ono, sabwezeredwa zaka zimenezo. Choncho kholo lililonse, lisanamange mtolo, lifunse mmene malo atsopanowo amakhalira m'mwezi wa Febuluwale.