Sukulu ya Kwacha ya M'badwo Uno

 Nkhani yomwe ndadza nayo ndi ya umbuli wa mtundu watsopano, ndi m'mene tingauthetsere ife eni ake.

Chilandirireni ufulu mu 1964, dziko lino lakhala likulimbana ndi adani atatu: umphawi, matenda ndi umbuli. Pofuna kugonjetsa umbuli, boma lidatsegula sukulu za kwacha, ndipo mu 1986 ntchitoyi idakhazikitsidwa ngati ya dziko lonse. Aphunzitsi ake adali ana a m'mudzi momwemo, ophunzitsa makolo awo masana pansi pa mtengo. Motero agogo athu ambiri adasiya kudinda chala nayamba kulemba maina awo.

Lero munthu angathe kuwerenga kalata bwinobwino, koma nakhala mbuli pamaso pa foni yake. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo tsopano ndalama za thonje ndi nandolo zimayenda pa foni. Akathyali nawonso adatsata njira yomweyo. Mlimi alandira uthenga woti ndalama ija aitumize pa nambala yakutiyakuti, kapena woti wapambana mphotho pa mpikisano womwe sadalowe nkomwe. Aulula nambala yake yachinsinsi, ndipo thukuta la chaka chonse litha m'kanthawi kochepa. Wina alandira mphekesera pa WhatsApp yonyoza katemera, naimwaza kwa abale osafunsa kumene yachokera. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Boma lachitapo mbali yake. Lamulo la zamtokoma la mu 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa bungwe la MACRA, lothandiza kufikitsa mafoni ndi intaneti kumidzi. Chaka chomwecho padadzanso lamulo lolanga akuba ndi ozunza anzawo pa intaneti. Mu 2017 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza madola 72.4 miliyoni a ntchito ya Digital Malawi. Koma nsanja ya foni siphunzitsa munthu. Wophunzitsa munthu ndi munthu mnzake.

Maiko ena adaona zomwezi. Mu 2015 bungwe la Mozilla lidayambitsa magulu ang'onoang'ono okumana kawirikawiri m'madera mwawo, otsogozedwa ndi anthu odzipereka, ndipo mu 2016 lidagwirizana ndi UN Women kutsegula magulu a amayi ndi atsikana ku Nairobi ndi ku Cape Town. Chiphunzitso chawo chidali patatu: kuwerenga, ndiko kufufuza nkhani ndi kusiyanitsa zoona ndi zabodza, kulemba, ndiko kuikapo mau ako ndi malonda ako, ndiponso kutenga mbali, ndiko kugwira ntchito ndi ena uku ukudziteteza.

Komatu chitsanzo chachikulu chili pakhomo pathu pompano. Chipatala cha pa Foni chidabadwira m'boma la Balaka mu 2011, pamene bungwe la VillageReach pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo adatsegula nambala yaulere yoti amayi oyembekezera ndi olera ana azifunsirapo malangizo. Amayi ambiri panthawiyo adalibe mafoni, ena sankadziwa kuimba kwake. Chidathandiza nchiyani? Anthu odzipereka a m'midzi adayenda khomo ndi khomo, kubwereketsa mafoni awo ndi kuonetsa amayi m'mene angaimbire. Ntchito yomwe idayamba kwathu kuno idafalikira dziko lonse, ndipo boma lidaitenga kukhala yake.

Tsono pempho langa kwa inu atsogoleri ndi ili. Tisadikire nyumba yatsopano kapena makompyuta ochokera kunja. Magulu tili nawo kale: makalabu a alimi, mabanki m'khonde, makomiti a sukulu, magulu a kumpingo ndi kumzikiti. Gulu lililonse lisankhe mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi odziwa foni, ndipo pa msonkhano uliwonse apatsidwe theka la ola. Sabata yoyamba aphunzitse kusunga nambala yachinsinsi; yachiwiri, kuzindikira uthenga wa mbava; yachitatu, kufufuza mtengo wa nandolo mavenda asadafike ndi masikelo awo; yachinai, kutsimikiza chenjezo la nyengo, pakuti tonse tikukumbukira namondwe Freddy wa mu 2023. Wophunzira aliyense akaphunzitse wina kunyumba.

Inu alangizi, ikani phunziroli m'ndondomeko ya maulendo anu a m'midzi. Inu mafumu, onetsetsani kuti amayi akhala kutsogolo, chifukwa m'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba la bambo, pomwe wodwazika mwana ndi mayi. Ndipo gulu la ku Rivirivi likakhwima, likadzutse lina tsidya la Shire, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Makolo athu sadachite manyazi kukhala pansi ndi kuphunzira kwa ana awo. Nafenso tisachite manyazi.