Mwana akamalira mafupa: ululu wa matenda a anemia falciforme

Lero tikambe za mwana uja amadzuka usiku akulira kuti miyendo ndi msana zikumuthyoka, chonsecho sanagwe, bala palibe. Kuchipatala kuno nthendayi amaitcha anemia falciforme, pomwe abale athu kutsidya ku Malawi amati sickle cell.

Ndi nthenda ya magazi yobadwa nayo. Tizidutswa tofiira ta magazi timayenera kukhala tobulungira ndi tofewa. Mwa wodwalayu timauma n'kupindika ngati chikwakwa, ndiye timakodwa m'timisempha ting'onoting'ono. Pamene tatsekapo magazi sadutsa, ndipo ululu umayambira pomwepo. Timafanso msanga, pa masiku 10 mpaka 20, pomwe tabwinobwino timakhala masiku 120. N'chifukwa chake mwanayo amaperewera magazi, maso nkuchita chikasu.

Abambo, apa mumve bwino. Mwana amadwala pokhapokha atatengera mbewu ya nthendayi kwa bambo ndi kwa mayi, onse awiri, ngakhale iwo akuoneka athanzi. Pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Kuthamangitsa mkazi kapena kuloza chala agogo kuti alodza mdzukulu ndi kulakwira anthu osalakwa.

Ululu wadzidzidzi umagwa ngati mvula ya mkuntho, ndipo umatha maola kapena masiku angapo. Kwa khanda la miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo, nthawi zambiri umayamba ndi kutupa kwa manja ndi mapazi. Zimene zimauputa mukuzidziwa: kuzizira, ludzu, malungo, kutopa kwambiri. Inu a ku Angónia ndi Tsangano, chisanu cha Juni ndi Julayi mumachidziwa; mwana wotere asasambe kumtsinje m'mamawa, asapite kusukulu wopanda juzi, ndipo mvula ikamunyowetsa musintheni zovala msanga.

Ululu ukayamba, mpatseni madzi pafupipafupi, agone, mumfunditse. Pomwe pakuwawa ikanipo nsalu yoviika m'madzi ofunda ndi kusisita pang'onopang'ono. Madzi ozizira ayi, amawonjezera vuto. Mpatseni paracetamol pa muyezo umene anamwino anakuuzani. Mphini sizitsegula msempha wotsekeka, zimangotaya magazi amene ndi ochepa kale ndi kulowetsa tizilombo.

Koma pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira kuti kuche. Thupi likatentha, chifuwa chikamawawa kapena akamapuma movutikira, zikhatho ndi milomo zikayera mwadzidzidzi, mimba ikatupa kumanzere kumene kuli kapamba, mkono kapena mwendo ukafooka, pakamwa pakapotoka, nyamukani. Chimodzimodzi mnyamata amene maliseche ake auma mowawa kwa maola awiri osagwa. Izi zimachititsa manyazi, koma kubisa kumamuwonongeratu. Ululu umene paracetamol walephera nawonso ndi wa kuchipatala, kumene kuli dripi ndi mankhwala amphamvu. Mukafika nenani msanga dzina la nthendayi.

Ulipo ululu wina umene timaunyalanyaza, wa tsiku ndi tsiku, wokhala miyezi ndi miyezi. Umapezeka kwambiri mwa achinyamata ndi akuluakulu. Fupa la m'chiuno likasowa magazi kwa nthawi yaitali limayamba kufa, munthu nkumatsimphina. Ena amakhala ndi zilonda za pa akakolo zosapola. Munthu wotere salira, anazolowera, ndiye kumunda amamutcha waulesi, kusukulu amati akunamizira. Ine ndimaona kuti mawu amenewa amamupweteka kuposa fupalo. Mukhulupirireni, mumpatse ntchito zopepuka pamthunzi, botolo la madzi lili pambali. Asamangogula mapiritsi pamsika mwezi ndi mwezi, chifukwa ena monga ibuprofeno ndi diclofenac akachuluka amawononga impso ndi m'mimba. Akapimidwe chiunocho.

Pofuna kuti ululu uzibwera patalipatali, agone mu neti usiku uliwonse, alandire katemera yense, amwe ácido fólico monga analembera adokotala. Mapiritsi a sal ferroso musampatse popanda adokotala kunena. Alipo mankhwala otchedwa hidroxiureia amene amachepetsa kubwera kwa ululu. Funsani ku centro de saúde kwanu ngati angapezeke, ndiponso kumene angayezetse magazi abale ake a mwanayo. APE wa m'mudzi mwanu angakulembereni kalata yopita nayo.