Ng'ala imachiritsika: tisasiye agogo athu mumdima

Nkhani yathu lero ndi ya maso, makamaka khungu limene limagwira achikulire. M'midzi yathu sitisowa gogo amene anasiya kupita kumunda ndi kumapemphero chifukwa maso anachita chifunga. Amaswera pakhonde, nsima ikabwera amafufuza mbale ya ndiwo ndi dzanja, ndipo pofuna kupita kuchimbudzi amadikira mdzukulu, amene mwina wajomba kusukulu kuti awagwirire ndodo. Ife timangoti akalamba basi. Komatu ambiri mwa agogo amenewa vuto lawo ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachiritsika. Chimene chikuwasunga mumdima ndi mantha athu komanso kuzengereza.

M'kati mwa diso, kuseri kwa mwanadiso, muli kagalasi kamene kuwala kamadutsamo. Munthu akamakula, kagalasiko kamayamba kuchita mbuu pang'onopang'ono, osapweteka ayi. Poyamba dzuwa ndi magetsi a galimoto zimathobwa m'maso, kenako munthu amazindikira mlendo pokhapokha akamva mawu ake, ndipo pamapeto pake pakati pa diso, pomwe pamakhala pakuda paja, pamayera. Matenda a shuga, kusuta fodya ndi kuvulala m'diso zimafulumizitsa vutoli. Palibe mankhwala odontheza kapena akumwa amene angayeretse kagalasi kameneka. Njira yake ndi opaleshoni. Dokotala amachititsa dzanzi diso lokhalo, wodwala ali maso, n'kucheka pang'ono m'mbali, kuchotsa kagalasi kowonongekako ndi kuikapo ka pulasitiki kamene kamakhalamo moyo wonse. Kawirikawiri ntchitoyi sikwana ndi ola lomwe. M'mawa mwake akamatula bandeji, ambiri amayambiranso kuona nkhope za ana awo. Thandizo limeneli likupezeka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma, ndipo nthawi zina madokotala a maso amafika m'zipatala za m'maboma.

Ndikudziwa zimene zimanenedwa m'makukamu. Ena amati kuchipatala amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi. Limenelo ndi bodza: diso silichoka m'malo mwake, ndipo palibe chiwalo cha nyama chimene amaikamo. Ena amati, "Nanga a uje aja anapita koma sakuonabe bwanji?" Funso limeneli ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi lakuti si khungu lonse limene limabwera chifukwa cha ng'ala. Pali nthenda ina yotchedwa glaucoma, imene imawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kuyambira m'mbali, ndipo chimene yawononga sichibwereranso. Ikapezeka msanga, mankhwala kapena opaleshoni zimateteza kuona kumene kwatsala. Shuga nayenso amawononga m'kati mwa diso. Choncho munthu amene sanathandizike chifukwa anafika mochedwa asatigwetse mphwayi, koma atikumbutse kuti amene wapitirira zaka 40, amene ali ndi shuga, ndi amene kubanja kwawo kuli osaona, azikayezetsa maso asanafike poipa.

Ena amayamba ndi zitsamba, poganiza kuti zikalephera ndiye adzapita kuchipatala. Apa ndikupempheni ndi mtima wonse: musadonthezere m'diso madzi a masamba, utomoni, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena mankhwala otsala a munthu wina. Khungu la pamwamba pa diso ndi lanthete kwambiri. Likapsa kapena kulowa tizilombo, limachita chilonda chimene chimasiya chipsera choyera, ndipo diso limene likanachira ndi opaleshoni ya kanthawi kochepa limafa. N'chimodzimodzinso diso likalasidwa ndi phesi kapena mankhusu pokolola: pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukaona pakati pa diso la khanda poyera, musadikire kuti akule, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso.

Dandaulo la ndalama ndi loona. Ngakhale m'zipatala za boma thandizo ndi laulere, thiransipoti ya wodwala ndi womudikirira imafuna ndalama. Koma tiwerengerenso munda umene wagonera ndi sukulu ya mwana amene wasanduka wotsogolera agogo. Mutu umodzi susenza denga: monga timasonkha pamaliro, banja, mpingo ndi banki m'khonde zikhoza kusonkha ya ulendo umodzi wa kuchipatala. Ndipo tisamati khungu ndi losagonjetseka. Mu 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi yathana ndi trachoma, nthenda imene inkapinda zikope mpaka nsidze kumakanda diso. Zinatheka chifukwa anthu a m'midzi anavomera kumwa mankhwala, kusambitsa ana kumaso, kumanga zimbudzi ndi kupita ku opaleshoni.

Tsono pempho langa kwa inu mafumu ndi a komiti ya zaumoyo ndi ili: sabata ino tiyende khomo ndi khomo, tilembe mayina a onse amene sakuona bwino. Mayinawo mundipatse, ndikawapereke kuchipatala chathu kuti tipangane tsiku lokawayeza. Ngati pali mafunso, ino ndiyo nthawi yake.