Nyama za m'Dambo pa Chigamba cha Nsalu



Mwana wa m'dambo la Ndindi amadziwa ng'ona asanadziwe kulemba dzina lake. Amadziwa mvuu yodya chimanga cha kudimba usiku, kakowa wotsata ng'ombe ndi nkhwazi yolira pamwamba pa Shire. Nkhani ya lero ndi yakuti ana apatsidwe mpata woika nyama zimenezi pansalu.

Ntchitoyi siilira ndalama zambiri. Zigamba za zitenje zotsala kwa telala, singano, ulusi, mlaza, mabatani akale ndi thumba la ufa lochapa bwino n'zokwanira. Mwana amajambula ng'ona ndi khala pathumbapo, n'kudula zigamba, n'kuzisokerera. Mamba amaluka ndi mlaza, m'maso amaika mabatani. Pa chithunzi chimodzi waphunzira kuyeza, kudula, kusoka ndi kuluka, maluso amene phunziro la Expressive Arts limafuna kupulayimale.

Luso la nsalu si lachilendo m'chigwa chino. David Livingstone atafika ku Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawozawo. Analembanso kuti anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo limene lero limatchedwa Elephant Marsh. Dzinalo lilipobe, ndipo mu 2017 dambolo linalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, koma njovu mulibe. Chipembere nachonso chinatha ku Mwabvi. Nyama zotsalazi ana azidziwe zikadalipo.

Makolo ena afunsa kuti, n'kukometseranji ng'ona imene yapha abale awo? Funsoli n'lomveka. Komatu mwana wosoka ng'ona amayamba wafunsa agogo ake kumene imabisala, nyengo imene imaikira mazira ndi doko loyenera kulipewa. Mayankho amenewo amapulumutsa moyo.

Nsalu imaposanso pepala kuno kumadzi. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019 ndi a Freddy mu 2023 anawononga makope ndi mabuku m'boma la Nsanje. Nsalu imapindika n'kulowa m'bwato. Ikanyowa imachapidwa n'kuyanikidwa.

Choncho amayi ndi atelala asataye zigamba, azipereke kusukulu. Agogo odziwa kuluka mikeka apatule tsiku lokhala pansi ndi ana, ndipo makomiti a sukulu akonze malo opachikapo nsaluzo kuti mudzi wonse uzione. Paja m'mera mpoyamba.